Chaka Chimene Ndinaleka Kuthira Mchere

1

Ku Chiwaridzo kuno anthu amanditchula kuti Mai Muriwo, kutanthauza mayi wa ndiwo zamasamba. Dzina langa ndine Ratidzo Chikaipa, ndimaphunzitsa ana a sukulu ya mkaka m'tauni ya Bindura, ndipo ndine mkazi wamasiye. Mukafunsa azimayi a kutchalitchi kwathu akuuzani kuti mkazi wodziwa kudwazika mwamuna ndi ineyo. Akamanena zimenezi ndimaweramitsa mutu, iwo n'kumayesa kuti ndi kudzichepetsa, chonsecho ndi manyazi. Amuna anga ndinawaphera kukhitchini popanda poizoni, ndipo lero ndikufuna ndikuuzeni mmene ndinachitira.

Ine ndi a Kenias tonse tinabadwira kuno ku Zimbabwe. Agogo anga anachoka ku Ntcheu wapansi kudzagwira ntchito m'migodi, agogo awo anachoka ku Dedza n'kudzathera ku Shamva. Malawi sitinamuonepo. Chichewa chathu n'chosakaniza ndi Chishona moti wa ku Lilongwe atatimva angagwe ndi phwete. Koma miyambo ina inatilondola, ngakhale ife ophunzira ndi opempherafe tinkaikana ndi pakamwa.

A Kenias ankaboola miyala ndi jekihama pansi pa mgodi wina waung'ono wa golide. Ankakhala kumeneko masabata awiri, kunyumba masiku anayi. Tinatha zaka zisanu ndi zitatu popanda mwana, koma sanandinenepo mawu opweteka ngakhale tsiku limodzi. M'nyumba munkangokhala awirife, kupatula miyezi ingapo imene mng'ono wawo Liberty anakhala nafe akufunafuna ntchito, asanalowere ku Joni mu Ogasiti. Chofooka cha a Kenias chinali nyama. Mazondo a ng'ombe, chiwindi, nyama yowotcha ya kumashopu, zonse zinali zawo, ndipo mchere ankathira asanalawe n'komwe.

Tsiku lina mu Seputembala anafika masana fumbi lili mbuu, n'kutulutsa kapepala m'thumba la ovolosi.

"Rati, anesi a kumgodi akuti BP yanga yakwera. Akuti ndichepetse mchere ndi zamafuta."

"Shuwa, bambo?"

"Shuwa. Ndiye ukaiwalanso mchere ngati ulendo watha uja, usamadandaule. Ukhala ukundithandiza."

Anaseka, nanenso ndinaseka. Kapepalako ndinakalandira ndi manja awiri osakawerenga n'komwe. Kwa nthawi yoyamba pa mwezi wathunthu ndinapuma bwino. Chifukwa chake ndikuuzani, koma mundilole ndiyambe ndayala nkhani yonse.

2

Anesi anati kuchepetsa. Ine ndinamva kuti kuthetseratu.

Mnzanga wina wa kuntchito anandilowetsa m'gulu la pa WhatsApp la mavigani, anthu osadya nyama, nsomba, mazira ngakhale mkaka. Ankalitsogolera ndi mayi wina wa ku Harare, munthu wodekha ndi wodziwa zinthu. Ndinaphunzira ngati ndikukalemba mayeso. Ndinadziwa kuti nyemba, nzama ndi khobwe zimamanga thupi, kuti ukadya masamba ufinyirepo ndimu kuti magazi achuluke, ndiponso kuti pali timapiritsi ta B12 timene munthu wosadya nyama ayenera kumamwa. A Kenias atabweranso anapeza firiji ili ndi kabichi, mapeyala ndi tomato. Anatsegula, kutseka, n'kutsegulanso.

"Nhai Rati, kwabwera akuba?"

"Ayi, kwabwera moyo wathanzi."

"Nanga mazondo anga aja?"

"Ndapatsa aneba."

"Ndiye anebawo ndi amene ukufuna afe?"

Tinaseka mpaka misozi. Ndikunena zoona, chakudya chimenecho chinali chabwino, ndipo mpaka lero sindichinyoza. Ndinkaphika nkhwani wotendera, luni, mpiru wothira chiponde, machankisi a soya okazinga ndi anyezi, sadza, nsima ya kuno, ya mawere, mbatata ya kholowa, ndiponso mutakura, chimanga chophika pamodzi ndi nzama ndi mtedza. Mutu umene unkandiwawa chaka ndi chaka unasiya. Mimba ya a Kenias inaphwa, lamba anamuboola bowo lina. Kumgodi ankapita ndi zitini za nyemba zouma ndi botolo la chiponde, anzawo n'kumawaseka kuti asanduka mbuzi. Azimayi a pamzere wathu anayamba kubwera ndi mabuku kudzakopera kaphikidwe, ndipo dzina la Mai Muriwo linayambira pamenepo.

Koma panali chinthu chimodzi chimene gulu lija silinandiphunzitse. Mayi wa ku Harare ankanena kawirikawiri kuti mchere pang'ono ndi wofunika m'thupi. Ine paketi yonse ndinakaitaya kudzala.

Tsiku loyamba kudya nyemba zozizira, a Kenias anasuzumira patebulo.

"Mchere uli kuti? Ndingothira ndekha pang'ono."

"Mulibe m'nyumba muno, bambo."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, mbamu ili m'manja. Kenako anasunsa, n'kudya mbale yonse.

3

Chifuwa chinayamba mu Januwale, mvula ili pakati. Poyamba kanali kachifuwa kouma, ka anthu onse a kumgodi. Kenako m'mawa ndinkapeza pilo atanyowa ndi thukuta. Kuwonda kuja tinkakunyadira kunapitirira malire, makolala a malaya n'kuyamba kulendewera.

Loweruka lina apongozi anga, Mai Chikaipa aakulu, anatsika kombi kuchokera ku Wadzanai, komboni ya ku Shamva, atanyamula tambala wamoyo m'dengu. Ndi mayi wamfupi, wosakonda zoseka, amene anaika m'manda mwamuna ndi ana awiri. Atangoona mwana wawo anaima pakhomo osalowa.

"Kenias, mwanangu, watha chonchi ukudya chiyani?"

"Ndikudya bwino, amayi. Muroora wanu, mpongozi wanuyu, akundisamala."

Tambala uja ndinamumangirira ku mtengo wa mapeyala, n'kuwafotokozera mwaulemu kuti m'nyumba mwathu simuphedwanso chamoyo. Ndinawapakulira bonongwe wotendera ndi nyemba. Analawa kamodzi n'kuika dzanja pansi.

"Muroora, ndiwozi n'zozizira."

"Ndi za BP, amayi."

"Zinayamba liti kuzizira?"

"Seputembala."

Anapukuta zala pachitenje pang'onopang'ono.

"Za nyamazo ndilibe nazo mawu. Ifenso kukomboni tinakulira masamba, sitinafe. Koma mchere ndi nkhani ina. Kwathu mkazi amaleka kuthira mchere m'ndiwo pa zifukwa ziwiri. Akakhala kumwezi amatuma wina, masiku angapo basi. Chachiwiri ndi pamene wayenda njira ina. Dzanja lake limakhala lamoto, akathira mchere amamudula mwamuna. Mwamunayo amatsokomola, amawonda, mapazi amatupa. Timati tsempho. Ndiye ndikufunsa, mwezi wanuwu ndi wotani wosatha kuyambira Seputembala?"

Pakamwa panga panali pakuthwa kale.

"Amayi, ife tinapulumutsidwa. Za tsempho ndi za mdima, tinazisiya pamtanda."

"Aikona, ine ndangofunsa."

A Kenias anaimirira, akugwira tebulo chifukwa cha chifuwa.

"Amayi, pepala la mchere ndinabwera nalo ndine. Mkazi wanga musamulankhule choncho m'nyumba mwake."

Apongozi anayang'ana mwana wawo, kenako ine. Madzulo asanafike anamasula tambala wawo n'kumubweza m'dengu. Ndinawaperekeza ku renki ya makombi, ndipo kombi ili pafupi kunyamuka anasuzumira pawindo.

"Liberty anapita ku Joni osadzanditsanzika. Munamuchita chiyani kuno?"

Kondakitala anamenya chitseko, kombi n'kunyamuka ndisanayankhe.

4

Mu Malichi a Kenias anakomoka pansi pa mgodi. Anawabweretsa ndi mnzawo wa ntchito, a Tobiasi, bambo wamkulu wa mawu okhuthala. Atawagoneka pasofa anandikokera pakhonde.

"Mai Chikaipa, uyu apite kuchipatala lero. Ndi fumbi la miyala ili. Pagulu lathu la jekihama awiri tinaika kale, ndipo fumbi likalowa, chifuwa chachikulu chimatsatira."

"Ndamva, baba."

"Musaope. Kumeneko amagwira bwino. Amajambula chifuwa, amayeza makhololo, kenako amakuyezani magazi nonse awiri, mwamuna ndi mkazi, kuti aone ngati pali kachilombo. Zvakaoma, n'zovuta, koma ndi mmene zimayendera."

Nonse awiri. Mawu amenewo anandilowa mpaka m'mafupa. Ndinabwerera m'nyumba, kugwada pafupi ndi sofa, n'kuyamba kulalika ngati mmene ndinkalalikira azimayi a pamzere. Ndinati thupi likungotulutsa zoipa za nyama ya zaka makumi anayi. Ndinati kuchipatala akawadzaza mapiritsi oononga chiwindi. Ndinapempha masiku makumi awiri ndi limodzi okha, a jinja, adyo, mandimu ndi masamba a chammwamba.

A Tobiasi anapukusa mutu. "Kenias, shamwari, mandimu sachotsa mwala m'mapapo."

"Rati akudziwa zimene akuchita," anatero a Kenias, maso ali kudenga. "Timupatse masiku akewo."

Madzulo ake ndinalemba m'gulu lija kufunsa zakumwa zotsuka mapapo. Mayi wa ku Harare sanayankhe pagulu, anachita kundiimbira.

"Sisi, chakudya chathuchi chimateteza, koma si mankhwala a chifuwa chachikulu. Munthu akatsokomola kupitirira masabata awiri apite kuchipatala. Mawa m'mawa mupite nawo."

Ndinamuthokoza, ndinadula foni, n'kutuluka m'gululo.

Masiku makumi awiri ndi limodzi anasanduka miyezi iwiri. Ndinapempha tchuthi kuntchito. Ndinkasinja, kusefa, kufinya, kuwamwetsa ndi supuni. Azimayi a kutchalitchi ankabwera kudzapemphera n'kupita akugwedeza mitu kuti chikondi chotere sichinaonekepo ku Chiwaridzo. Ine ndinkaona ndi maso angawa kuti munthu akutha. Ndinkadziwa, ndipo ndinkapitiriza kufinya mandimu.

5

Lamlungu lina kumapeto kwa Meyi ndinabwera kuchokera kutchalitchi n'kuwapeza atakhala pampando kukhitchini, malo amene anali asanafikeko kwa masabata. Mapazi awo anali atatupa moti masilipasi sankalowa. Nditawaona mapaziwo ndinakumbukira zomwe zija apongozi ananena.

"Rati, lero ndili ndi nkhuli."

"Ya chiyani, bambo? Nyama ayi."

"Sindikupempha nyama. Ndinazolowera, ndipo zako zija za chiponde zimandikomera. Ndikufuna nyemba zomwezi zili pamotozi."

Analowetsa dzanja m'thumba la jekete lawo la kuntchito n'kutulutsa kapulasitiki komanga mfundo. Munali mchere. Anakaika patebulo n'kukakankhira kwa ine ndi chala chimodzi.

"Uthire iweyo, ndi dzanja lako, ine ndikuona. Ngati pali mawu oti unene pothirapo, unene. Tili awiriwiri."

Nyemba zinkabwata. Panja ana a aneba ankasewera mpira, wailesi ya kutsidya inkaimba nyimbo za kwaya. Ndinatola kapulasitiki kaja, ndinamasula mfundo, ndinatsina mchere. Dzanja linafika pamwamba pa poto n'kuuma. Mawu anali pakhosi penipeni, ndipo ndikanangotsegula pakamwa akanatuluka okha. Ndinawayang'ana. Maso awo anali ofatsa, opanda ukali ngakhale pang'ono, ndipo kufatsa kumeneko ndi kumene kunandiopsa. Ndinaganiza kuti munthu wondikhulupirira chonchi ndikamuuza, afera pampando pomwepo.

Ndinabweza mchere m'kapulasitiki.

"Anesi anakaniza, bambo. Mapazi atupa kale, mchere uwonjezera."

Kenako anatambasula dzanja, kutenga kapulasitiki kawo, kumanga mfundo bwinobwino, n'kubweza m'thumba.

"Chabwino, Rati."

Anadzuka okha, kukana kuti ndiwagwire, n'kupita kuchipinda akutsamira khoma. Nyemba zija sanadye. Kuyambira tsiku limenelo sanandipemphenso chilichonse, ngakhale madzi akumwa.

6

Patapita masiku asanu anatsokomola magazi odzaza kapu. Apa panalibenso za mandimu. Ndinaimbira a Tobiasi, tinapeza galimoto, n'kuthamangira kuchipatala.

Dokotala anali mtsikana wamng'ono kwa ine. Anakweza chithunzi cha m'chifuwa pawindo n'kundilozera.

"Zoyerazi ndi zipsera za fumbi la mgodi. Zimenezi sizichoka, koma munthu amatha kukhala nazo zaka. Chimene chawagwetsa ndi chifuwa chachikulu, ndipo chadya mapapo onse awiri. Anayamba liti kutsokomola?"

"Januwale."

Anatsitsa chithunzicho n'kundiyang'ana.

"Amai, chifuwa chachikulu chimachizika. Mukanabwera Januwale, ngakhale Malichi, bwenzi tikulankhula zina."

"Kodi ndi chakudya? Sitidya nyama ife."

"Ayi. Shuga wawo ali bwino, BP ili bwino. Chakudya sichinalakwe. Kuchedwa ndi kumene kwalakwa."

Kenako anatitumiza kukachipinda koyezera magazi kaja ndinkakaopa. Anatibaya zala tonse awiri. Mphindi zodikira zotsatira ndinazimva ngati chaka. Mlangizi anabwera akumwetulira.

"Makorokoto, kondwerani. Nonse mulibe kachilombo."

Ndinaseka, kenako kusekako kunasanduka kulira kwa mtundu wina, mpaka anesi anabwera kudzanditulutsa. Chinthu chimene ndinathawa miyezi itatu, chimene ndinagonekera munthu pasofa n'kumamumwetsa adyo, kunalibe. A Kenias ali panjinga ya odwala anangotseka maso.

Anayamba mankhwala tsiku lomwelo. Apongozi anabwera kuchokera ku Wadzanai ndipo tinkasinthana pambali pa bedi, osayang'anana. Tsiku lachisanu ndi chinayi, dzuwa la m'mawa likulowa muwodi, a Kenias anatisiya. Ine ndinali panja pampopi, ndikutsuka kapu yawo.

7

Tsopano ndinene chimene ndakhala ndikuchizungulira.

Liberty, mng'ono wa a Kenias, anabwera kwathu mu Meyi chaka chapitacho. Anali ndi dipuloma yake koma ntchito osaipeza, ndiye ankangokhala pakhomo. Ankanditchula kuti maiguru, kutanthauza mayi wamkulu, ine n'kumamutchula kuti mwamuna wanga wamng'ono, monga timachitira pachilamu. Aliyense amadziwa kuti nthabwala za pachilamu n'zololedwa. Ankandilanda chipande, ine n'kumuthamangitsa ndi mthiko, a Kenias n'kumaseka nafe limodzi. Koma a Kenias ankachoka masabata awiri, ndipo nthabwalazo zinkatsala.

Sindinamizira Satana, kapena kusowa mwana, kapena kusungulumwa. Masana ena a mu Ogasiti, sukulu zitatsekera, kuseka kunathera kuchipinda. Zinachitika katatu. Kachitatuko Liberty anadzuka, analongedza chikwama, n'kukakwera basi ya ku Joni osanditsanzika.

A Kenias atabwera kumapeto kwa mwezi umenewo ndinawaphikira mazondo. Nditatsina mchere, dzanja linakana. Ine amene ndinkaseka apongozi, ine wa malilime ndi mapemphero a kuphiri, ndinamva mawu a mayi anga ondibereka akundilangiza ndili namwali, kuti ukayenda njira ina usadzathire mchere, udzapha mwana wa eni. Tikanakhala ndi mwana ndikanamutuma kuti athire, nkhani n'kuthera pomwepo. Panalibe womutuma. Masiku anayi onsewo ndinkati ndaiwala, n'kuwaikira mchere patebulo.

Koma munthu sungaiwale mchere chaka chonse. Ndiye kapepala ka BP kaja katabwera, ndinakaona ngati chitseko chotseguka. Nyama ndinaichotsa chifukwa nyama yopanda mchere sidyeka, pamene masamba ukawatendera n'kufinyira ndimu amabisa. Uvigani wanga wonse, mabuku a kaphikidwe, dzina la Mai Muriwo, zonsezo zinali chitenje chofunditsa dzanja limodzi. Chifuwa chitayamba, theka la mtima wanga linkati ndi tsempho ndipo kuchipatala n'kutaya nthawi. Theka linalo linkati Liberty anandisiyira kachilombo, ine n'kupatsira mkulu wake, ndipo magazi akandiulula pamaso pa anthu. Mbali zonse ziwiri zinkagwirizana pa chinthu chimodzi, choti a Kenias asachoke pasofa.

8

Tinawaika ku Shamva pafupi ndi bambo awo. Liberty sanabwere. Abusa analalikira za mkazi wangwiro akundiloza, anthu n'kumavomera. Anthu atabalalika tsiku lachitatu, apongozi anandiitanira kuseri kwa nyumba yawo ku Wadzanai. Anakhala pamwala, ine ndinakhala pansi. Anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa kapulasitiki kaja.

"Anati ndikupatseni."

Ndinakalandira ndi manja awiri.

"Tsiku lina kuchipatala mutapita kukatenga madzi otentha, anandiuza zonse. Liberty atafika pamalire a Beitbridge anamulembera mkulu wake uthenga wopepesa. Kenias anadziwa asanabwere n'komwe kunyumba."

"Ayi, amayi..."

"Khalani chete, ndimalize. Anati atakuonani mukunamizira kuiwala mchere, nkhope ili gwa, anakumverani chisoni. Ndiye anatola kapepala pa tebulo la kukiliniki, tija amagawira aliyense. BP analibe mwana wanga. Anafuna kukupatsani pobisala mpaka mutalimba mtima n'kunena nokha."

Ndinakumbukira kuti kapepalako kanalibe dzina, kanalibe chidindo. Ndinali ndisanakayang'anitsitse chifukwa ndinkakafuna kwambiri.

"Nanga kuchipatala, bwanji sanaumirire?"

"Nayenso ankaopa magazi omwewo. Anati akatiyeza n'kupeza kanthu, Rati achita manyazi pamaso pa anthu achilendo, bola ayambe wandiuza ine kunyumba. Mcherewu ndinamupatsa ndine, tsiku la tambala lija. Ndinamuuza kuti kwathu tsempho amachiza ndi wolakwayo. Amaulula, kenako amathira mchere ndi dzanja lake, wodwalayo n'kudya. Iye anati za tsempho sakhulupirira, koma akufuna mawuwo. Anati mukangonena, adya nyemba zake, m'mawa mwake mugwirane dzanja kupita kuchipatala."

Ndinagwa chafufumimba pafumbi n'kugwira mapazi awo. Ndinati andimenye, aitane abale onse, andiyalutse. Anachotsa mapazi awo pang'onopang'ono.

"Anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu, ndipo sindiuza. Mupite mukakhale Mai Muriwo. Ine mwana ndilibenso, wina ali m'dothi, wina sangabwerenso kuno. Kombi yomaliza ya ku Bindura imanyamuka faifi."

9

Papita chaka tsopano. Apongozi asunga lumbiro lawo, koma ine sindinalumbire kwa aliyense, n'chifukwa chake ndakulemberani.

Abale anga owerenga, musatseke magazini ino n'kunena kuti masamba anapha munthu ku Bindura. Nyemba ndi nkhwani zilibe mlandu. Mpaka lero sindidya nyama, ndipo thupi langa lili bwino kuposa mmene ndikuyenera. Ngati mwasankha kudya zakumunda zokhazokha, idyani, phunzirani bwino, imwani timapiritsi tanu, thiraniko mchere pang'ono. Koma wa m'nyumba mwanu akatsokomola masabata awiri, makamaka wa kumgodi, siyani mandimu mukwere kombi. Ndipo ngati mwayamba chinthu chabwino mwadzidzidzi, kusala kudya, mapemphero, kadyedwe katsopano, dzifunseni nokha chimene mukufunditsa nacho. Ine ndinabisa tchimo la masana atatu, ndipo munthu amene ndinkamubisirayo anali atandikhululukira kale, akungodikira pampando wa kukhitchini.

Musandilembere makalata ondilimbitsa mtima. Abusa anandiuza kuti Mulungu amakhululuka, ndipo sindikutsutsa. Koma amene ndinkafuna kuti amve mawu anga ndi a Kenias, ndipo anandipatsa mpata umodzi, ine n'kuwayankha za anesi.

Lamlungu lililonse ndikabwera kutchalitchi ndimaphika nyemba. Zikabwata ndimamasula kapulasitiki kawo, ndimatsina pang'ono, n'kuthira ndi dzanja langa. Pothirapo ndimanena mokweza kuti, "Bambo, ndinagona ndi Liberty, ndikhululukireni." Mawuwo ndi asanu okha, ndipo amatha nyemba zisanabwatenso kachiwiri. Kenako ndimayang'ana mpando uja.

Mchere watsala wa mapoto awiri.